Dzanja Limene Lili M'kati mwa Chiganizo: Kuwerenga Matanthauzo a OMERACT a 2005

M'chaka cha 2005 magazini ya Journal of Rheumatology inasindikiza nkhani ya masamba atatu okha, yolembedwa ndi Richard Wakefield wa ku Leeds pamodzi ndi anzake monga Peter Balint, Marcin Szkudlarek, Emilio Filippucci, Marina Backhaus ndi Maria Antonietta D'Agostino. Anthuwa anali kagulu ka m'bungwe la OMERACT, limene linayamba ku Maastricht mu 1992 pofuna kuti madokotala a nyamakazi aziyeza matenda ndi muyezo umodzi kulikonse kumene ali, ndipo zimene analembazo zinatuluka mu msonkhano wachisanu ndi chiwiri wa bungwelo, umene unachitikira ku Asilomar m'chigawo cha California mu 2004. Phata la nkhaniyo ndi ziganizo zisanu. Chilichonse chikumasulira chinthu chimodzi chimene dokotala amaona pa sikani ya ultrasound akamayeza wodwala nyamakazi: fupa lodyeka, madzi a m'mfundo za mafupa, nembanemba yokhuthala ya m'mfundomo, kutupa kwa chikuto cha mtsempha womanga mnofu ku fupa, ndi kuwonongeka kwa malo amene mtsemphawo umagwira fupa. Ofufuza akhala akubwereza ziganizozi m'malipoti awo kwa zaka zambiri, mpaka ambiri anasiya kuziona ngati zinthu zimene munthu anakhala pansi n'kusankha mawu ake. Komatu zinasankhidwa liwu ndi liwu, ndipo kamangidwe kake kali ndi zambiri zotiuza, makamaka tikafika pa chinthu chimene sichinapatsidwe chiganizo chakechake: kathumba kamene madokotala amakatcha bursa.

Vuto limene olembawa anakumana nalo amalidziwa aliyense amene anagwirapo chounikira cha sikani. Chithunzi cha X-ray chimajambulidwa kamodzi n'kupachikidwa powala, ndipo madokotala khumi akakangana amakhala akukanganira chinthu chokhazikika. Cha sikani sichikhazikika. Chimapangika nthawi yomweyo pansi pa dzanja limene likuyendetsa chounikira pakhungu. Makina amatumiza mafunde a mawu amene khutu la munthu silingamve, mafundewo amagunda mnofu, madzi kapena fupa n'kubwerera, ndipo chimene chabweza mafunde ambiri chimawala pamene chimene chawalola kudutsa chimada. Mukapendeketsa chounikira pang'ono, chowala chija chada. Mukakanikiza, chotupa chija chaphwa. Dokotala wa ku Berlin ndi mnzake wa ku Copenhagen ankatha kulemba liwu limodzimodzi koma akutanthauza zosiyana. Olemba anayenera kumanga chinthu choyenda ndi mawu osayenda.

Chiganizo cha fupa lodyeka ndicho chachifupi pa zonse, ndipo anachiumitsa dala. Chikunena zitatu basi: kuti mzere wa pamwamba pa fupa waduka, kuti kudukako kuli m'kati mwa mfundo, ndi kuti kukuoneka mbali ziwiri zopingasana. Mulibe za kuwala kapena kuda, mulibe kukula kwa malo odyekawo, mulibe chimene chadya fupalo. Taonani kuti olemba sanalankhule za dzenje. Dzenje lili ndi kuya, lili ndi pansi, ndipo mafunde a sikani salowa m'fupa. Amagunda pamwamba n'kubwerera, kotero fupa lonse limaoneka ngati mzere umodzi wowala wokhala ndi mdima kuseri kwake. Polankhula za mzere woduka, chiganizochi chakana kunena zimene makina sanaone. Koma chigawo chachitatu n'chamtundu wina. Ziwiri zoyamba zikufotokoza fupa, chachitatu chikulamula dokotala. Palibe amene angaone chinthu mbali ziwiri zopingasana popanda kutembenuza chounikira, poyamba m'litali mwa chala, kenako chopingasa. Kamkwasa kachilengedwe ka pa fupa, kapena mthunzi wobwera chifukwa chounikira chakhala mopendekera, ukhoza kuoneka ngati mzere woduka mbali imodzi n'kuzimiririka mbali inayo. Kusamala kumeneku kuli ndi mbiri yake. Mu 2000 Wakefield yemweyo ndi anzake ku Leeds anayeza mfundo za zala mwa odwala 100, ndipo sikani inapeza fupa lodyeka mwa 56 pamene X-ray inapeza mwa 17 okha. Chida chopenya kwambiri chotere chimathanso kupenya zimene kulibe, ndipo munthu amene anaonetsa mphamvu yake ndi yemwenso anaika chingwe choichepetsera liwiro.

Ziganizo ziwiri zotsatira sizingawerengedwe chilichonse pachokha, chifukwa zinaumbidwa pa chikombole chimodzi. China ndi cha madzi a m'mfundo, china ndi cha nembanemba yokhuthala. Nembanemba imeneyi, imene madokotala amaitcha synovium, ndi yopyapyala kwambiri mwa munthu wathanzi. Imayala m'kati mwa mfundo n'kumatulutsa timadzi toterera kuti mafupa asakhulane. Mu nyamakazi ya rheumatoid chitetezo cha thupi chimaukira nembanembayi, iyo n'kukhuthala, n'kumera timitsempha ta magazi tatsopano, n'kuyamba kudya chicherewecherewe ndi fupa. Pa sikani, madzi ochuluka ndi nembanemba yokhuthala zonse zimaoneka zakuda ndipo zimakhala malo amodzi, choncho kuzisiyanitsa ndiyo ntchito yaikulu ya nkhani yonse. Olemba anaichita ndi kabwerezabwereza. Ziganizo zonse ziwiri zimaponda masitepe asanu mu ndondomeko yofanana: zimayamba ndi kunena kuti chinthucho si chachibadwa, kenako maonekedwe ake, kenako malo ake, kenako mmene chimachitira chikakhudzidwa, ndipo zimathera pa Doppler. Khutu la wowerenga likamva chiganizo chachiwiri chikuyenda m'mapazi a choyamba, limayamba kudikira pamene ziwirizi zisiyanire. Zimayamba kusiyana pang'onopang'ono. Madzi akhoza kukhala odera kapena akuda bii, nembanemba ndi yodera chabe. Kenako dzina: madzi sanatchedwe madzi m'kati mwa tanthauzo lake, angotchedwa chinthu, liwu losalonjeza kanthu, pamene nembanemba yatchedwa mnofu wa thupi, chinthu chamoyo chokhala ndi mizu pamalo pake. Liwu lotakasuka lija likusiya mpata woti m'madzi a mfundo yodwala mumayandama zinyenyeswa, ndipo nthawi zina amakhala olimba ngati phala.

Pakati pa maonekedwe ndi malo pali mawu a m'mabulaketi, ofanana ndendende m'ziganizo zonse ziwiri, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali nzeru yakuya ya zolembazi. Theka loyamba likuyankha funso limene wowerenga wosamala ayenera kufunsa: chodera poyerekeza ndi chiyani? Makina aliwonse ali ndi powonjezera ndi pochepetsera kuwala, ndipo dokotala akhoza kudetsa kapena kuyeretsa chithunzi chonse ndi chala chimodzi. Olemba anasankha mafuta a pansi pa khungu kukhala muyezo. Mafunde sangafike pa mfundo osadutsa m'mafutawo, kotero muyezo umakhala pa chithunzi chomwecho nthawi zonse, ndipo kuwala kukasinthidwa, muyezo ndi choyezedwa zimasinthira limodzi. Theka lachiwiri likuvomereza kuti nthawi zina chinthucho chimawala mofanana ndi mafuta, kapena kuposa. Wowerenga wothamanga anganene kuti apa chiganizo chadzidya chokha: chakuda, koma mwina chapakati, mwinanso chowala, ndiye kuti chatchula maonekedwe onse amene alipo. N'zoona, ndipo ndicho cholinga chake. Mabulaketiwo akutsitsa maso pa mpando. Akunena kuti maonekedwe ndi poyambira, koma sangagamule mlandu, ndipo popeza mawuwo abwerezedwa osasintha ngakhale pang'ono m'ziganizo zonse ziwiri, akunenanso kuti pa nkhani ya kuwala ndi kuda madzi ndi nembanemba sizisiyana mokwanira. Kulemera konse kwa chiganizo kumatsetserekera ku mawu otsatira.

Mawu otsatirawo si a maso, ndi a dzanja. Madzi amasunthika ndipo amakanikizika. Nembanemba siisunthika ndipo imakanikizika pang'ono chabe. Chithunzi chosayenda sichingaonetse chilichonse mwa zimenezi. Tanthauzo likufuna kuti dokotala akanikize chounikira, kapena afinye mfundo ndi dzanja linalo, n'kuyang'ana zimene zichitike. Ndi kusiyana kwa kukanikiza jumbo la madzi ndi kukanikiza mtanda wa mkute: madzi amathawira mbali ina, mkute umabonyoka pang'ono n'kukhalabe pomwepo. Olemba sanangobwereza ganizo limodzi kawiri. Kukanikizika ndi kuchepa kwa msinkhu pamalo amodzi, kusunthika ndi kuchoka pamalopo kupita pena, ndipo chinthu chikhoza kuchita chimodzi osachita chinacho. Onaninso pamene kufanana kwa ziganizo ziwirizi kwasweka. Wolemba wokonda kuti zinthu zilingane akanati madzi amakanikizika, nembanemba siikanikizika, n'kutseka nkhani mokoma. Awa anakana. Pa kusunthika anaika kukana kotheratu, chifukwa nembanemba inamera pa khoma la mfundo ndipo ilibe kothawira. Pa kukanikizika anaika muonjezi wochepetsa, chifukwa nembanemba yotupa ndi yofewa ndipo imagonja pang'ono. Kamuonjezi kameneka kakuwononga kulingana kwa mizere iwiriyi, koma kakuteteza dokotala wachinyamata amene, poona chakuda chija chikuphwa pang'ono pansi pa dzanja lake, akanalemba kuti ndi madzi.

Ziganizo zonse ziwiri zimathera pa Doppler, njira yotchedwa ndi dzina la Christian Doppler amene mu 1842 anafotokoza mmene mafunde amasinthira pamene gwero lake likuyenda. Pa sikani, magazi oyenda m'timitsempha amapakidwa mtundu, ndipo nembanemba imene ikuyaka ndi matenda imaoneka ndi timadontho kapena malawi ofiira. Apanso mathero awiriwa salingana. Za madzi akuti saonetsa chizindikirochi, mosapita m'mbali. Za nembanemba sakunena kuti imaonetsa, akuti imatha kuonetsa. Kukana kuli kolimba, kuvomera kuli kofewa, ndipo zotsatira zake n'zakuti Doppler imagamula mbali imodzi yokha: pamene pali mtundu si madzi ayi, koma pamene palibe mtundu mlandu ukadalipo. Nembanemba yakale imene inasanduka zipsera siionetsa kanthu, imene yazizira ndi mankhwala siionetsa kanthu, ndipo m'mfundo zakuya monga phewa ndi chiuno makina amalephera kumva magazi oyenda pang'onopang'ono. Chimene ziganizozi sizinena, koma chimene kamangidwe kake kakubisa, n'chakuti zigawo ziwiri zomaliza zikufuna manja awiri otsutsana. Kuti muyese kusunthika muyenera kukanikiza. Kuti muone Doppler muyenera kupepuka dzanja mpaka chounikira chiziyandama pa mafuta oterera amene mwapaka pakhungu, chifukwa kukanikiza pang'ono kokha kumatseka timitsemphato ndipo mtundu umazima. Chiganizo chimodzi chanyamula mayendedwe awiri, kulemera kenako kupepuka, ndipo mlumikizi amene ali pakati pake ndi pamene dokotala amapumira n'kusintha kagwiridwe. Kufunika kwa mathero ofewawa kunadzaoneka patsogolo pake, pamene ofufuza a ku Leeds anapeza kuti odwala ena amene amaoneka ngati matenda awo agona anali ndi chizindikiro cha Doppler m'mfundo zawo, ndipo mfundo zoterozo ndi zimene zinkapitiriza kuwonongeka.

Ziganizo ziwiri zotsala n'zosavuta kudutsa. Cha chikuto cha mtsempha chimatenga zimene ziwiri zija zinalekanitsa mosamala n'kuziikanso m'nyumba imodzi: mnofu wokhuthala, kaya pali madzi kaya palibe. Mnofu ndiwo watsogola, madzi angokhala mlendo. Lamulo la mbali ziwiri labwereranso, ndipo chifukwa chake n'chomveka, pakuti mtsempha wabwinobwino umada ukangounikidwa mopendekera. Chomaliza, cha pamene mtsempha umagwira fupa, ndi chachitali ndi chopunthwa, chodzaza ndi zosankha, mabulaketi ndi mndandanda wa zosintha za fupa. Mayendedwe oyera a ziganizo zoyamba atha. Sindikuchiona ngati cholephera. Malo amenewa ndi posakanikirana mtsempha, fupa ndi mafuta, ndipo matenda ake amapezeka kwambiri mu nyamakazi za mtundu wina, zogwira msana ndi zoyendera limodzi ndi nthenda ya pakhungu ya psoriasis. Chiganizo chatenga maonekedwe a chinthu chimene chikufotokoza.

Tsopano tibwere ku chimene palibe. M'thupi la munthu muli timatumba pafupifupi 150 toikidwa pamene mtsempha, mnofu kapena khungu limadutsa pa fupa, kuti lizitsetsereka popanda kukhulika. Alexander Monro wachiwiri, mphunzitsi wa za thupi la munthu ku Edinburgh, anatilembera buku lonse mu 1788. Tambiri mwa timatumbati tinayalidwa m'kati ndi nembanemba ya mtundu womwewo wa m'mfundo, ndipo nyamakazi ya rheumatoid, popeza imasaka nembanembayo kulikonse kumene ili, imatupitsanso timatumba ta paphewa, pachigongono, kuseri kwa bondo, kuseri kwa chidendene ndi pakati pa mafupa a phazi. Pa matanthauzo asanu aja palibe la kathumba kotupa. Choposa apo, sitepe lachitatu la ziganizo ziwiri zapakati, lonena za malo, likuti m'kati mwa mfundo, ndipo bursa ili kunja. Powerenga mouma, kathumba katsekeredwa panja ndi liwu limodzi. Koma kamangidwe ka masitepe kali ndi ubwino wakuti sitepe limodzi likhoza kuzulidwa ena anayi osagwa. Olemba eni ake anatisonyeza njira pamene, m'chiganizo cha mtsempha, anangosintha malo n'kunena za m'kati mwa chikuto. Madokotala achita chimodzimodzi ndi bursa: amafunsa ngati chimene chadzaza kathumbako chikuthawa, ngati chikuphwa, ngati chili ndi mtundu. Ndipo ndi m'timatumba momwemo mmene mawu ena a ziganizozi, amene m'mfundo za zala amaoneka ngati kusamala kopitirira, amaonetsa ntchito yake yonse.

Tengani phewa. Pansi pa fupa la pamwamba pa phewa ndi pansi pa mnofu wophimba phewalo pali kathumba kakakulu, kamene mwa munthu wathanzi kamaoneka ngati kamzere kodera kosapitirira mamilimita 2, kotsekeredwa pakati pa mizere iwiri yowala ya mafuta. Mu rheumatoid kathumbaka kamatha kufufuma mpaka phewa kuoneka lotupa ndi maso, ndipo nthawi zina m'kati mwake mumadzaza timibulu toyera, tosalala, tambirimbiri, timene madokotala anatitcha timbewu ta mpunga chifukwa cha mmene timaonekera pa opaleshoni. Timapangidwa ndi fibrin ndi collagen, ndipo tilibe mitsempha ya magazi. X-ray siitiona chifukwa tilibe laimu wa m'mafupa. Pa MRI, pa zithunzi zimene madzi amawala, timaoneka ngati timadontho takuda tothithikana m'nyanja yoyera, ndipo mankhwala owalitsa akabayidwa m'magazi khoma la kathumba limawala koma timbewuto ayi. Pa sikani timatha kuchulukana mpaka kathumba konse kuoneka ngati chotupa cha mnofu, chowala mofanana ndi zozungulira. Apa ndi pamene mabulaketi aja akulipira ngongole yake. Wokhulupirira maso okha alemba kuti waona mnofu. Wotsatira chiganizo mpaka kumapeto akanikiza, aona timibuluto tikugwedezeka ndi kusuntha malo, ayatsa Doppler n'kupeza mtundu m'khoma mokha, ndipo amvetsa chifukwa chake olemba anasankha dzina losalonjeza kanthu lija. Timbewu timeneti tinafotokozedwa koyamba mu 1895 mwa odwala chifuwa chachikulu cha m'mfundo, osati rheumatoid, ndipo kuno kwathu kumene TB ndi yofala, dokotala wotipeza paphewa kapena padzanja sangathamangire kunena kuti ndi nyamakazi asanayeze za TB. Chithunzi n'chimodzi, zoyambitsa n'zosiyana.

Kuseri kwa bondo nkhani ya malo imafika povuta kwambiri. Chotupa chimene chimatchedwa ndi dzina la William Morrant Baker, dokotala wa opaleshoni wa pa chipatala cha St Bartholomew's ku London amene anachifotokoza mu 1877, patatha zaka zambiri Robert Adams wa ku Dublin atachionapo kale, ndi bursa yokhala pakati pa mutu wa m'kati wa mnofu wa gastrocnemius ndi mtsempha wa semimembranosus. Mwa akuluakulu ambiri kathumbaka kali ndi kakhomo kolowera m'mfundo ya bondo. Madzi a bondo lodwala amakankhidwira kumeneko, ndipo kakhomoko kamalola kulowa mosavuta kusiyana ndi kutuluka. Kodi madzi amenewa ali m'kati mwa mfundo kapena kunja? Anabadwira m'kati, akukhala kunja, ndipo njira ikadali yotseguka. Pa sikani umboni wa chotupachi si kukula kwake koma khosi lake, kamzere kakuda kodutsa pakati pa mnofu ndi mtsempha uja kulowera ku mfundo. Popanda khosilo dokotala ayenera kuganizira zotupa zina. Liwu la kusunthika limayesedwanso mwa njira yatsopano, pakuti mwendo ukawongoka chotupacho chimalimba ndipo ukapindika chimafewa, kotero yankho la funso lakuti kodi chikuthawa limadalira mmene wodwala wagonera. Chotupacho chikaphulika, madzi amatsikira pakati pa minofu ya kumbuyo kwa mwendo, mwendo n'kutupa, kutentha ndi kuwawa mofanana ndi wa munthu amene magazi aundana m'mtsempha wakuya. Sikani imaonetsa kuti kumunsi kwa chotupa, kumene kumayenera kukhala kobulungira, kwasongoka, ndipo kamzere ka madzi kakutsetsereka pansi pake. Chounikira chomwecho chimasunthidwa pang'ono kupita pa mtsempha wa magazi, ndipo funso lake limakhala lomwe lija: kodi ukukanikizika? Mtsempha wabwino umaphwa kotheratu, woundana magazi umakana.

Pali malire amene ziganizo zisanuzi sizidutsa, ndipo kathumba ka pachigongono kamatikumbutsa za iwo. Kali pansi penipeni pa khungu, pamene anthu amatsamira, pamenenso timibulu ta rheumatoid timakonda kumera. Kamatha kutupa chifukwa cha nyamakazi, chifukwa cha gauti, chifukwa chokhulika, kapena chifukwa tizilombo talowa kudzera pa kachilonda, ndipo wodwala amene akumwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha thupi ali pa chiopsezo chachikulu cha chomalizachi. Khoma lokhuthala, madzi a zinyenyeswa, mtundu wa Doppler m'mbali: zonsezi zimapezeka pa zifukwa zonse zinayi. M'matanthauzo a madzi ndi nembanemba mulibe liwu lakuti chifukwa. Amafotokoza mmene chinthu chikuonekera ndi mmene chikuchitira, n'kuima pomwepo. Kudziletsa kumeneku ndi kumene kumawapatsa ulemu, pakuti funso la mafinya limayankhidwa ndi singano ndi labotale, ndipo tanthauzo lonamizira kuliyankha likanapha anthu.

Zaka zapitazi zasonyeza kuti timatumba si nkhani ya m'mphepete monga mndandanda wa 2005 ungatipangitse kuganiza. Ofufuza a ku Leiden, pojambula ndi MRI mapazi a anthu amene nyamakazi yangowayamba kumene, anapeza cha m'ma 2020 kuti timatumba ta pakati pa mitu ya mafupa aatali a phazi timakhala totupa kawirikawiri mwa odwala rheumatoid, mochuluka kusiyana ndi mwa anthu athanzi, ndipo kutupako kumayendera limodzi ndi kwa mfundo ndi kwa zikuto za mitsempha. Kathumba kotere kakafufuma kamakankha zala ziwiri zoyandikana mpaka kutalikirana. Rheumatoid yayamba kuonedwa ngati nthenda ya nembanemba kulikonse kumene nembanembayo ili, m'mfundo, m'chikuto ndi m'kathumba, ndipo mpanda umene liwu la malo linamanga ukuoneka kuti unali wa nthawi yake.

Nawo matanthauzowo sanakhale osakhudzidwa. Mu 2017 akatswiri a mabungwe a EULAR ndi OMERACT, motsogozedwa ndi D'Agostino, anagwirizana za muyezo wa kutupa kwa mfundo wochokera pa 0 kufika pa 3, wodalira kukhuthala kwa nembanemba ndi mphamvu ya Doppler, ndipo madzi anachotsedwa pa zowerengedwa. Mu 2019 matanthauzo onse anakonzedwanso m'magazini ya Journal of Rheumatology yomwe ija. Chifukwa chochotsera madzi n'chomveka, popeza timadzi tochepa timapezekanso m'mfundo za anthu athanzi ndipo madokotala sankagwirizana bwino potiyeza. Mwa mapasa aja, chiganizo cha nembanemba ndi cha madzi, mmodzi anakwezedwa, wina anatsitsidwa. Koma kuti munthu asawerenge madzi ayenera kuyamba wadziwa kuti awa ndi madzi, kotero chiganizo chotsitsidwacho chikugwirabe ntchito mobisika m'kati mwa muyezo watsopano. Ndipo m'timatumba sichinatsike n'komwe, chifukwa kumeneko kuchuluka kwa madzi ndi kumene kumalepheretsa munthu kukweza mkono kapena kupinda bondo. Dokotala wofuna kudziwa ngati singano ikoke kanthu m'kathumba ka paphewa, kapena ngati ibwerere youma chifukwa m'katimo mwadzaza mnofu ndi timbewu ta mpunga, amachitabe zimene chiganizo cha madzi chinalamula: amakanikiza chounikira n'kuona ngati chakudacho chithawe.